Mng'alu wa Kuseri kwa Zenera

Toledo, mwezi wa Febuluwale.
Mchere wa mumsewu waumira pansapato zanga.
Bambo Orval Dudek alowetsa m'galaja mwanga
galimoto yawo ya mu 1970,
yobiriwira ngati botolo, yamphuno yaitali,
ya masilinda asanu ndi atatu,
n'kuloza ndi chala chonjenjemera
pamene denga limakumana ndi chiuno.

Kamzere chabe. Tsitsi limodzi logwera papenti.
"Ndamatapo katatu," akutero,
"koma chisanu chikangotha, kamatulukiranso."

Ndikuti, bambo, mng'alu si nthenda ayi,
ndi kalata.
Mlembi wake ali kutsogoloku, pansi pa boneti.
Mukaponda moto getsi likangobiriwira
injini imapotokola thupi lonse
monga timafinyira thaulo lonyowa.
Galimoto zamtunduwu zinabadwa msana wosakwanira:
chitsulo cholimba kutsogolo, china kumbuyo,
pakatipa lata lopondapo basi.
Zaka makumi asanu kupindikira malo amodzimodzi.
Ngakhale waya, ukamupindapinda, amatopa.

Ndipala penti. Ndipala phala lawo lakale lija
mpaka ndifike pa mtovu
umene mmisiri wina wa kufakitale anasalaza ndi kathabwa
ine ndisanabadwe.
Kunsi kwake mng'alu ndi wautali kuposa mmene umaonekera.
Umatero nthawi zonse.
Ndiulondola ndi tochi mpaka kunsonga,
pamenepo ndiboola kabowo kochepa ngati diso la nkhunda
kuti ukafika upeze njira yatha.

Kuwotcherera sikufuna phuma.
Dontho limodzi la moto, ndidikire pazizire.
Lina chapatali, ndidikirenso.
Khofi wanga wazizira kawiri.
Ukathamanga, lata lopyapyalali limakwinyika
ndipo silikhululuka.

Kenako ndikwawira kunsi, dzimbiri likundigwera m'khosi.
Galimoto iime pamatayala ake, osati pajeke,
apo ayi ndiimangirira ili chopendekera
zitseko n'kuyamba kukana.
Mipiringidzo iwiri, kumanzere ndi kumanja,
kuti kutsogolo ndi kumbuyo
kuyambe kumvana.
Ameneyu ndiye mankhwala. Zinazo n'kupukuta misozi.

Tsiku lachinayi ndapeza wina
pamphuthu ya chitseko cha wokwera, pambali pa loko,
wokhota, wautali ngati chala changa chaching'ono.
"Uwunso ndiutseka lero."

Bambo Dudek avula chipewa,
ayang'ana m'kati mwake ngati muli yankho.
"Umenewo si wa injini," akutero. "Ndi wa Marlys.
Mkazi uja sankadziwa kutseka chitseko mwaulemu.
Kaya wakwiya, kaya tikupita kovina,
phwaa!
Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndikumudandaulira."
Anamuika m'manda mu Okutobala.
Masikono ake a mchikwama akadali m'kabokosi ka kutsogolo,
ouma gwaa.

Ine ndine wa zitsulo, sindidziwa zonena pamaliro.
Ndikudziwa kuti mng'alu ukausiya umayenda,
madzi amchere amaupeza,
ndipo pofika zaka zitatu loko amagwera m'manja.

Ndiye ndaboola timabowo tiwiri, uku ndi uku.
Ndalowetsa mkono kuseri, kumene maso safika,
ndaikako chigamba chochindikala,
ndachigwiritsa ndi madontho anayi a moto.
Pamaso pake sindinakhudze.
Ndangopakapo vanishi woonekera m'kati
kuti dzimbiri lisadye siginecha ya mayiyo.

Pa risiti ndalemba ming'alu iwiri,
mtengo wa umodzi.

Loweruka kwacha bwino, msewu wauma.
Aliza injini, mazenera a galaja anjenjemera,
denga lili zii, ngati silinapwetekepo.
Atsika, azungulira mbali inayo,
atsegula chitseko cha Marlys,
achibweza pang'onopang'ono mpaka chiti kete.

Aima.
Achitsegulanso.

Phwaa!

Chigamba changa chagwira.